Khosi la Kapitawo

Pa chipatala chathu cha ziweto, amene ndinawapeza atayamba kale ntchito anali awiri okha: Adokotala ndi Kapitawo. Adokotala ndi mayi wamfupi, wa mawu owerengeka, amene akati “chabwino” ndiye kuti wakuyamikira kwambiri. Kapitawo anali mphaka. Anamutola pakhomo ali m’katoni ya sopo, ndipo dzinalo linamugwera chifukwa cha khalidwe lake. M’mawa uliwonse ankayendera zipinda zonse mchira uli m’mwamba, kusuzumira khola lililonse, kenako n’kukakhala pa sikelo kumatiyang’ana ngati tachedwa. Ine ndine nesi wa pamalopo. Ntchito yanga ndi kugwira, kumeta, kubaya, kupukuta, kudyetsa, ndi kukalipiridwa ndi eni ziweto pa zinthu zimene alakwitsa okha.

Musaganize kuti Kapitawo ankadya zaulere. Amphaka ali ndi magulu a magazi monga anthu. Pafupifupi onse amene amalowa pakhomo pathu ndi a gulu A. A gulu B ndi osowa, ndipo mphaka wa gulu B ukamupatsa magazi a gulu A akufera pa tebulo pomwepo, ukuona. Kapitawo anali wa gulu B. Ndiye kukabwera mphaka wa gulu limenelo atagundidwa ndi galimoto, kapena utitiri utamumwa mpaka nkhama kuyera, ine ndi Adokotala tinkayang’anana, kenako tonse n’kutembenukira ku sikelo.

Tisanamugoneke ndi mankhwala kuti timuchotse magazi ambiri, tinkayamba tatenga pang’ono pa mtsempha wa pakhosi, kuti tione ngati ali nawo okwanira kugawa. Kwa mphaka wina aliyense, ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, thawulo lokhuthala, ndi pemphero. Kapitawo ayi. Akangomva makina ometera alira, ankakhala tsonga, n’kukweza chibwano yekha, maso ali tsinzini, ngati bwana amene wapita kokametetsa ndevu. Sikuti anali wachifundo. Ankadziwa kuti makina akasiya kulira pamalira chitini cha nsomba. Ubweya wa pakhosi pake sunkapeza mpata womera bwinobwino, moti nthawi zonse panali kachigamba koyera konga kolala ya abusa.

Lolemba lina sanayendere zipinda. Ndinakolopa, ndinasintha mchenga m’mabeseni a odwala, ndinapereka mankhwala a m’mawa, koma pa sikelo panalibe wondiyang’anira. Ndinakamupeza kuseri kwa firiji, pamene pamatuluka kampweya kofunda, atadzipinda miyendo ili pansi pa chifuwa. Ndinamukweza mlomo ndi chala. Nkhama zake zinali zoyera ngati pepala. Mphaka sadandaula, ndipo chimenechi ndicho chimandipweteka pa ntchito yangayi. Galu akapunthwa chala mudzi wonse umadziwa. Mphaka ukamaona kuti wadwala, dziwa kuti anadwala kalekale, amangokubisira.

Tinathira magazi ake m’kachubu, n’kukazunguliza m’makina. Mbali yofiira, imene kwa Kapitawo inkafika pafupifupi theka, inali itatsala pansi penipeni. Adokotala anayang’ana pa maikulosikopu kwa nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

“Thupi lake likuwononga magazi ake omwe,” anatero. “Mankhwala alipo, koma amachedwa kugwira. Afunika magazi oti adikirire nawo.”

“A ndani, Adokotala?”

Tonse tinali titatembenukira kale ku sikelo, mwachizolowezi, ndipo panalibe kanthu.

Adokotala anaimbira anzawo a m’zipatala zina za ziweto. Aliyense anali ndi chifundo chambiri, koma wa gulu B analibe. Ena mpaka anati, “Si inu amene muli naye uja?” Inde, ndi ife. Masana omwewo Adokotala anapita kunyumba kwawo n’kubwera ndi galu wawo, chigalu chachikulu chopusa chimene chimakonda aliyense. Magazi a galu amagwira mwa mphaka, koma kamodzi kokha. Pakapita masiku ochepa thupi limawazindikira kuti ndi alendo n’kuyamba kuwaphwanya, ndipo ukabwereza kachiwiri ndiye kuti wamupha. Tinalibe chosankha. Ndinakhala pambali pa khola masana onse, chala chili pa ntchafu yake kumvera kugunda kwa mtima, ndikuonerera magazi a galu akulowa dontho ndi dontho mwa mphaka amene moyo wake wonse ankamenya agalu makofi pamphuno.

M’mawa mwake anadya. Anasamba kumaso ndi dzanja lake, anandiyang’ana moipidwa chifukwa cha bandeji ya pamwendo, ndipo nditamutsegulira khola anayendera zipinda ziwiri asanatope. Ndinaseka, koma Adokotala sanaseke.

“Tabwereka masiku basi, Anesi. Yambani kufunafuna.”

Ndinali ndi poyambira. Mphaka aliyense amene analandirapo magazi a Kapitawo anali wa gulu B, apo ayi sakanakhala moyo. Ndinkawadziwa onse, chifukwa ndine ndinkawafunditsa, kuwadyetsa ndi sirinji, ndi kuwapukuta kumbuyo. Mwa lamulo la ntchito, mphaka amene analandirapo magazi sitimukonda kuti apereke, koma Adokotala anati pa nthawi ngati imeneyi tiyesa kusakaniza madontho tione ngati agwirizana. Akuluakulu amati kupatsa n’kuika. Ndinatenga foni ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti Kapitawo anaika mokwanira.

Oyamba anali aphunzitsi ena opuma ntchito. Atangomva mawu anga anayamba kulira. Mphaka wawo anafa chaka chatha ndi impso, ndipo ankachita manyazi kudzatiuza, ngati tikanawakalipira. Ndinathera nthawi yanga kuwatonthoza. Achiwiri anati wawo anathawa pamene ankasamuka nyumba. Wina anali wokalamba kwambiri, wina anali ndi bere. Kenako ndinaimbira mayi wina amene mphaka wake tinamuvutikira sabata yathunthu.

“Mwati bwanji? Mukufuna magazi anu aja ndibweze?”

“Ayi mayi, ndikupempha chabe. Wanu ndi wamkulu, ndi wathanzi. Timugoneka pang’ono, madzulo mubwerera naye.”

“Aa, ayi, pepani. Wanga uja amaopa singano.”

Ndinafuna kufunsa kuti amaganiza kuti Kapitawo ankaikonda singanoyo, koma ndinangoti zikomo. Nditadula foni ndinatukwana m’chipinda chosungira mankhwala, momwe mabotolo okha ndiwo ankandimva.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu woopsa. Mphaka aliyense wonenepa wobwera kudzalandira katemera ndinkamuyang’ana ngati thumba la magazi loyenda. “Ndingamuyezeko gulu la magazi? N’kwaulere, ndipo n’kothandiza kudziwa,” ndinkatero ndi mano onse pamtunda. Timayeza ndi kakhadi. Umadontheza magazi m’timabwalo tiwiri, n’kudikira kuona kuti aundana pati. Ankaundana pa A. Wina A. Wina A. Ndinafika pomalota timabwalo timeneti.

Kunyumba ndimakhala ndi mng’ono wanga, amenenso ndi nesi, koma wa anthu, ndipo salola kuti ndiiwale zimenezo. Atandiona ndikungotakasa chakudya osadya anandifunsa, ndipo nditamuuza anaseka mpaka kugwira tebulo.

“Achemwali, abale inu! Ine ndimaona ngati mlamu wina wakukanani. Ndi mphaka eti?”

“Seka. Tsiku lina udzafuna madzi akumwa uli pabedi, ndidzakukumbutsa.”

Koma tsiku lotsatira, pa nthawi ya nkhomaliro, ndinangoona walowa pakhomo pa chipatala atavala yunifolomu yake, atanyamula dengu la zochapa lomanga ndi lamba. Mkati munali chimphaka chakuda cha mnzake wa kuntchito, chikutukwana m’chinenero chake. Mng’ono wanga anali atakandidwa ndi zikhadabo mkono wonse.

“Muyezeni msanga, mwini wake sakudziwa kuti ndamutenga nthawi yaitali chonchi.”

Anaundana pa A. Mng’ono wanga anayang’ana kakhadiko, anayang’ana ine, ndipo sanandisekenso.

Pakati pa zonsezi panali ntchito imene manja anga amaidziwa. Ndinasamutsira Kapitawo m’khola la pakona, kutali ndi agalu, ndi kuphimba theka la chitseko ndi thawulo kuti akhale ndi pobisala. Ndinamuikira katoni, chifukwa mphaka wodwala amafuna denga lapafupi. Botolo la madzi ofunda ndinkalikulunga m’sokosi n’kuliika kumsana kwake. Chakudya ndinkachifunditsa pang’ono kuti chimveke fungo, kenako n’kuchoka, chifukwa mphaka ukamuimirira kapena kumukankhira chakudya kukamwa ali ndi mseru, amadana nacho mpaka kalekale. Atasiya kudzisambitsa ndinkanyowetsa thonje ndi madzi ofunda n’kumamupukuta kumaso, kuchokera pamphuno kupita kukhutu, monga amachitira mayi wake wa mphaka. Mapiritsi ankameza mosavuta. Zonsezi ndinkazichita bwino, ndipo ndikunena mosadzitama. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chinkapanga magazi. M’makutu mwake ndi m’maso munayamba chikasu, kusonyeza kuti magazi a galu aja ayamba kuphwanyidwa, ndipo mbali yofiira ya m’kachubu inayambanso kutsika.

Anatsala munthu mmodzi amene foni yake sinkayankhidwa. Anali makaniko wa galaja ina, amene mphaka wake, Sipanala, anagona mu injini ya galimoto tsiku lina kukuzizira, ndipo lamba wa injini anamung’amba ntchafu. Sipanala anafika kwa ife atatsala mpweya wokha, ndipo anadzuka ndi magazi a Kapitawo. Ndinatuma uthenga kudzera kwa wogulitsa matayala woyandikana nawo. Lachisanu m’mawa ndinamva hutala pakhomo, ndipo analowa bambo wamtali wovala ovolosi, atakumbatira mphaka pachifuwa ngati khanda.

“Anesi, foni inagwera mu oyilo, pepani! Ndangomva lero. Bwana wathu ali kuti? Tengani, tengani magazi onse amene mukufuna. Ameneyu amadya kuposa ine.”

Ndinatsala pang’ono kuwakumbatira ndi girisi wawo yemwe. Sipanala anali atakula, phewa lotakata, ubweya wonyezimira. Pa sikelo anakwana ndi kupitirira. Pa kakhadi magazi anaundana pa B, ndipo ndinakayang’ana kawiri ngati ndikulota. Adokotala anasakaniza madontho ake ndi a Kapitawo pa kagalasi, ndipo sanakanane. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinawamva akuti “chabwino”. Anapita kuchipinda china kukakonza sirinji ndi mankhwala ogonetsa, n’kundisiyira ntchito yomaliza, imene imakhala ya mwambo chabe: kumvetsera mtima.

Ndinaika chomvetsera pachifuwa cha Sipanala. Mtima wa mphaka umathamanga, koma umagunda kawiri nthawi iliyonse: du-du, du-du. Uwu unkagunda katatu. Panali kaphokoso kena kolowerera pakati, kofewa, koma kosasowa. Ndinasunthira mbali ina. Kanalipo. Ndinadikira kuti mwina ndi mantha, ndinamusisita, ndinatseka chitseko kuti agalu asamveke, ndinamvetseranso. Kanalipo ndithu.

Ndinaima pamenepo chomvetsera chili m’makutu, ndipo kupyolera pa zenera la chitseko ndinkaona khola la pakona ndi thawulo lake. Adokotala amandikhulupirira. Ndikanangotuluka n’kunena kuti zonse zili bwino, mwina sakanabwereza. Amphaka ambiri a mtima wotere amagonekedwa n’kudzuka. Ndinaganiza zimenezi, sindibisa, ndipo ndinaziganiza nthawi yokwanira kuti amakaniko aone nkhope yanga.

“Kwagwanji, Anesi?”

Ndinawaveka chomvetsera m’makutu. Anatsinzina, n’kupendeketsa mutu monga amachitira pa boneti.

“Injini iyi ikudumpha,” anatero motsitsa mawu.

Ndinaitana Adokotala. Anamvetsera, kenako anabweretsa makina ounikira mkati, ndipo pa kanema panaoneka mtima wa khoma lokhuthala, wokhala ndi kachipinda kakang’ono mkati.

“Ali ndi matenda a mtima amene sanayambe kuoneka kunja,” anatero Adokotala. “Tikamugoneka n’kumuchotsa magazi, akhoza osadzuka.”

“Akhoza, kapena sadzuka?”

“Akhoza.”

Amakaniko anavula kapu, anaipinda, anaivalanso. Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo ndinalakalaka atafunsa khoma.

“Anesi, ndinu munamufunditsa mwanayu tsiku lija. Musandinamize. Akanakhala wanu, mukanatani?”

Pakamwa panga panali mawu okonzeka kale. Tengani mwayi, bambo, zinthu izi sizichitika kawirikawiri. Ndinawamva mawuwo ali pa lilime. Sipanala anali atakwirira mutu m’khwapa mwa ovolosi, mchira wokha ukuoneka.

“Ndikanabwerera naye kunyumba,” ndinatero.

Amakaniko anapempha kuti aone Kapitawo, ndipo ndinawatengera ku khola la pakona. Bambo wamtali uja anagwada pa simenti, n’kukweza thawulo pang’ono ndi chala chakuda ndi oyilo.

“Pepani, bwana,” anatero. “Tabwera, koma tabwera opanda kanthu.” Kenako anapinda mkono wa ovolosi n’kundionetsa mitsempha yake. “Nanga angawa sangagwire? Ndili nawo ambiri, amangondikwezera BP.”

Ndinaseka, ndipo kusekako kunathera kwina. Anachoka ndi Sipanala ndi kabotolo ka mapiritsi a mtima. Pakhomo anabwerera kudzandithokoza chifukwa chopeza matendawo msanga, ndipo ndinalandira zikomoyo ngati munthu wolandira mbale yotentha.

Loweruka ndinayeza amphaka ena awiri. Sindinenanso kuti anaundana pati. Kapitawo anasiya kudya, kenako anasiya kutuluka m’katoni kupita pa mchenga. Ndinkamusintha zogonera, ndinkamutembenuza, ndinamuikira mpweya wa okosijeni pafupi ndi mphuno. Mankhwala ankagwira, Adokotala anatero, koma ankagwira ngati munthu wobwera wapansi ku nyumba imene ikupsa. Sindinayambe ndadziona wopanda ntchito chonchi, ndili ndi manja awiri, makiyi a kabati yonse ya mankhwala, ndi zaka zonsezi za kuphunzira. Ndinasowa mtengo wogwira.

Lamulungu masana tinali awiri okha m’chipatala. Dzuwa linkalowa pa zenera n’kugwera pa tebulo. Kapitawo ankapuma ndi mimba, pakamwa pali pululu, ndipo mphaka akayamba kupumira kukamwa ndiye kuti mpweya sukumukwanira ngakhale pang’ono. Adokotala anamuyang’ana nkhama, anamumvetsera, n’kupachika chomvetsera m’khosi mwawo.

“Anesi, tisamuzunze.”

Ndinagwedeza mutu. Ntchito imeneyi, ya jakisoni wothetsa moyo, ndaigwira kambirimbiri, ndipo ndili ndi mawu anga amene ndimauza eni ake, oti sizipweteka, oti angogona. Lero panalibe woti ndimuuze. Ndinayala bulangete lake pa tebulo pomwe panali dzuwa, n’kumunyamula ndi manja awiri. Anali wopepuka ngati thawulo louma. Anagona cham’mbali, mutu uli pa dzanja langa, osatsegula maso.

Kachubu kakale ka pamwendo, kamene tinalowetserapo magazi a galu aja, kanali katatsekeka. Tinkafunika kuika kena pa mwendo winawo, ndipo kuti mtsempha uoneke pankafunika kumeta pang’ono. Ndinatenga makina ometera n’kuwayatsa.

Kapitawo anasuntha. Anakoka mwendo umodzi pansi pa chifuwa, kenako unzake, akunjenjemera thupi lonse, mpaka anadzutsa phewa. Ndinkaganiza kuti akufuna kuthawa, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire. Koma sankathawa. Anakhazikika mmene akanathera, n’kukweza chibwano m’mwamba, maso ali tsinzini, kachigamba koyera kaja kali poyera.

Adokotala anatembenukira kukhoma. Ndinawamva akukoka mamina, mayi amene sindinawaonepo akulira ngakhale pa maliro a bambo awo.

Makina ankalirabe m’dzanja langa. Ndinamumeta pakhosi pomwepo, kamzere kamodzi kokha, kuti asakweze pachabe. “Mwagwira ntchito, bwana,” ndinatero, monga ndinkanenera nthawi zonse. Kenako ndinazimitsa makina, ndinatenga chitini cha nsomba pa shelefu, n’kuchitsegulira pafupi ndi khutu lake. Khutulo linatembenuka. Sanadye, koma nditamupaka mafuta ake pamphuno ndi chala, ananyambita kamodzi.

Adokotala anapukuta maso ndi mkono wa gawuni, n’kugwira mwendo wake wakutsogolo. Ine ndinamuchirikiza chibwano ndi chikhatho changa, chifukwa anali asanachitsitse.